Kukagwira ntchito pa matelesikopu a ku Sutherland mukadali pa yunivesite

Malangizo awa tikulembera wophunzira wa fizikisi, masamu kapena kompyuta amene wafika chaka chachitatu kapena chachinayi pa yunivesite, ndipo akufuna kukakhala milungu ingapo kunja kwa dziko pa malo ofufuzira zakuthambo, kuthandiza katswiri pa kafukufuku wake. Chitsanzo chathu ndi South African Astronomical Observatory, mwachidule SAAO. Likulu lake lili ku Cape Town, ndipo mbiri yake imayambira pa Royal Observatory yomwe inakhazikitsidwa mu 1820. Matelesikopu ake akuluakulu ali pa phiri pafupi ndi tauni ya Sutherland ku Northern Cape, makilomita pafupifupi 370 kuchokera ku Cape Town, pamalo okwera mamita pafupifupi 1,800. Zambiri zomwe tinene zimagwiranso ntchito ku Chile, ku chilumba cha La Palma cha dziko la Spain ndi kulikonse komwe kuli telesikopu yojambula kuwala kwa nyenyezi.

Dziwiranitu kuti nthawi yoyang'ana kumwamba ndi maso anu idzakhala yochepa. Telesikopu ya kafukufuku ilibe poika diso. Ili ndi kamera, ndipo inu mumakhala m'chipinda china ndi makompyuta. Katswiri wokuyang'anirani akufuna manambala oti angawakhulupirire, pamodzi ndi zolemba zosonyeza momwe anapezekera. Masitepe onse ali m'munsiwa akuloza kumeneko.

Kupeza malo

Yambani kufufuza kudakali miyezi 8 kapena 10. Mapulogalamu a ku Ulaya amachitika pakati pa Juni ndi Ogasiti, ndipo ambiri amatseka kulandira makalata pakati pa Disembala ndi Febuluwale. Ena odziwika omwe amalandira ophunzira a mayiko onse ndi ESO Summer Research Programme ku Garching m'dziko la Germany, LEAPS ku Leiden, ndi pulogalamu ya ASTRON ku Dwingeloo m'dziko la Netherlands. Mapulogalamu a ku America otchedwa REU, omwe ndalama zake zimachokera ku National Science Foundation, amalipirira nzika za America ndi anthu okhazikika kumeneko basi. Musatayirepo nthawi pokhapokha chilengezo chanena poyera kuti pali ndalama zina za alendo.

Kuno kumwera kwa Africa, tsatirani zolengeza za SAAO, za African Astronomical Society, ndi za Office of Astronomy for Development yomwe ili pa likulu la SAAO ndipo ili ndi ofesi ya chigawo pa Copperbelt University ku Kitwe. Ophunzira a ku Zambia ndi Mozambique ali ndi khomo lina, chifukwa mayiko awo ali m'gulu la mayiko ogwirizana ndi South Africa pa ntchito ya SKA, telesikopu yaikulu yolandira mafunde a wailesi ochokera kuthambo, ndipo pulogalamu ya DARA ya maphunziro a sayansi imeneyi yakhala ikuphunzitsa achinyamata a mayiko amenewo.

Njira ina ndi kulembera katswiri mwachindunji. Kalata yake isapitirire ndime zitatu. Tchulani pepala limodzi la kafukufuku lomwe iye analemba ndipo mwaliwerengadi, nenani maphunziro omwe mwamaliza, ndipo ikani linki ya pulogalamu ya Python yomwe munalemba nokha. Kalata yongonena kuti mumakonda nyenyezi kuyambira muli mwana nthawi zambiri siyankhidwa, poti aliyense amalemba zomwezo. Aphunzitsi awiri oti akulembereni makalata aumboni muwapemphe kudakali mwezi wathunthu.

Mapepala ndi katundu

Mukalandiridwa, pemphani kalata yokuitanani yotchula masiku enieni, ntchito yomwe mukagwire, komwe mukagone ndi yemwe akulipira. Masiku omwe mlendo amaloledwa kulowa mu South Africa popanda viza ndi a ulendo wongocheza, ndipo mwina sakwanira miyezi iwiri ya kafukufuku. Pitani ndi kalatayo ku ofesi ya kazembe wa South Africa mukafunse mtundu wa viza woyenera, kudakali miyezi iwiri kapena itatu. Pasipoti ikhale ndi masamba awiri osalembedwa, ndipo isathe mphamvu pasanapite masiku 30 kuchokera tsiku lomwe mudzatuluke. Funsaninso ngati inshuwalansi ya chipatala ili m'gulu la zomwe akukulipirirani. Ndalama za m'thumba zimachedwa kawirikawiri mwezi woyamba chifukwa cha mapepala a ku banki, choncho nyamulani zokwanira milungu itatu kapena inayi.

Sutherland ndi amodzi mwa malo ozizira kwambiri mu South Africa. Mu Juni ndi Julayi madzi amaundana usiku, ndipo zaka zina kumagwa chipale chofewa. Juzi imodzi siyokwanira. Muvale zovala zosanjikiza: chamkati chogwira thupi, juzi yaubweya, jekete yotchinga mphepo, chipewa chophimba makutu, magolovesi ndi sokosi zokhuthala. Ngakhale mu Disembala m'bandakucha kumazizira. Mutengenso tochi ya kuwala kofiira, mafuta opaka milomo chifukwa mpweya wa ku Karoo, dera lomwe kuli Sutherland, ndi wouma kwambiri, ndi adaputala ya magetsi, poti pulagi ya mano atatu aphwatalala ya ku Malawi ndi Zambia siyilowa mu soketi za mabowo ozungulira za kumeneko.

Zoti muphunzire musananyamuke

Milungu isanu ndi umodzi imatha msanga ngati iwiri yoyambirira yapita pophunzira Linux. Musananyamuke muzitha kuyenda m'mafoda pa terminal, kukopera mafayilo, kulowa mu kompyuta ina ndi ssh, ndi kusunga ntchito yanu ndi git. Mu Python dziwani numpy, matplotlib ndi astropy. Zithunzi za telesikopu zimasungidwa m'mafayilo a FITS, omwe ali ndi mbali ziwiri: chithunzi chenicheni, ndi header yonena nthawi, fyuluta (galasi losefa mtundu wa kuwala), kutalika kwa kujambula ndi komwe telesikopu inaloza. Tsitsani pulogalamu yaulere ya DS9, mutsegule chithunzi chimodzi, musinthe kawalidwe kake, muwerenge header yonse mzere ndi mzere.

Pa masamu, zinthu zitatu zikhale m'mutu. Choyamba ndi magnitude: nambala ikamakula nyenyezi ikuchepa kuwala, ndipo kusiyana kwa magnitude 5 ndi kusiyana kwa kuwala maulendo 100. Chachiwiri ndi malo a nyenyezi kuthambo, RA yomwe imawerengedwa m'maola kuyambira 0 mpaka 24 kulowera kum'mawa, ndi Dec yomwe imawerengedwa m'madigiri kulowera kumpoto (+) kapena kumwera (-). Ola limodzi la RA ndi madigiri 15, ndipo kuiwala zimenezi polemba pulogalamu kumalozetsa telesikopu kwina. Chachitatu ndi phokoso la muyeso: mukasonkhanitsa tizigawo ta kuwala 10,000, kusatsimikizika kwake ndi pafupifupi 100, ndiye kuti 1 pa 100 alionse, kapena magnitude 0.01. Kuti kusatsimikizikako kutsike ndi theka, muyenera kujambula nthawi yotalika kanayi.

Masiku oyambirira pa likulu

Nthawi yambiri mudzakhala ku Cape Town, osati ku phiri. Tsiku loyamba funsani wokuyang'anirani mafunso atatu ndi kulemba mayankho ake: funso la sayansi lomwe mukuyankha ndi liti, chithunzi kapena tebulo lomwe akufuna kuona pomaliza ndi lotani, ndipo muzikumana kangati pa sabata. Mapepala a kafukufuku mumawapeza pa masamba a pa intaneti a ADS ndi arXiv. Musayese kumvetsa pepala lonse; werengani chiyambi, muone zithunzi, kenako gawo lofotokoza momwe anajambulira ndi kuyeretsa deta.

Chomwe chimawononga ophunzira ambiri ochokera kwathu kuno ndi manyazi ofunsa. Tinaleredwa kuti wamkulu samuvutitsa, ndipo ulemu umenewo ndi wabwino, koma pa ntchito iyi kukhala chete masiku atatu ndi pulogalamu yokana kuyenda kumadya gawo lalikulu la nthawi yanu. Dziikireni lamulo: vuto likakukanikani maola awiri, lembani zomwe mwayesa ndi uthenga womwe kompyuta ikupereka, mupite nazo kwa wophunzira wa masters kapena PhD amene muli naye pafupi.

Dziwaninso telesikopu yomwe mudzagwiritse ntchito. SALT (Southern African Large Telescope), yaikulu koposa zonse ku Sutherland, yomwe inatsegulidwa mu 2005 ndipo galasi lake ndi magalasi 91 a makona 6 olumikizana kukhala pafupifupi mamita 11, simudzaiyendetsa. Ili ndi akatswiri ake omwe amajambulira anthu onse motsata mndandanda, inu mumangolandira deta. Wophunzira amaphunzirira pa matelesikopu aang'ono: ya mamita 1.9, ya mita 1.0, kapena Lesedi. Masiku ano ntchito yambiri pa matelesikopu amenewa imatheka munthu ali m'chipinda ku Cape Town, koma ngati mwayi wopita ku phiri ulipo, upempheni. Munthu amene waona ndi maso ake denga la nyumba ya telesikopu likutseguka ndi mame akugwa amamvetsa msanga zomwe manambala a pa kompyuta akunena.

Kukonza mndandanda wa usiku

Ntchito iyi ichitike kudakali sabata. Nyenyezi imafika pamwamba penipeni pa ulendo wake pamene nthawi ya nyenyezi, LST, yafanana ndi RA yake. Njira yachidule ndi iyi: RA ya dzuwa ndi pafupifupi 0 pa 21 Malichi, 6 pa 21 Juni, 12 chakumapeto kwa Seputembala ndi 18 pa 21 Disembala. Onjezani maola 12, mupeza RA yomwe idzakhale pamwamba pakati pa usiku. Ndiye chifukwa chake mu Juni pakati pa Mlalang'amba, pa RA 17h45m ndi Dec pafupifupi -29, pamadutsa pafupi ndi pamutu penipeni ku Sutherland komwe kuli pa madigiri 32 kumwera, pamene mu Disembala ndi nthawi ya Large Magellanic Cloud, mlalang'amba waung'ono woyandikana ndi wathu. Tsiku lililonse nyenyezi imatuluka mofulumirirapo ndi mphindi pafupifupi 4.

Kenako werengerani airmass, muyeso wa kuchuluka kwa mpweya womwe kuwala kwadutsamo. Pamutu penipeni ndi 1, ndipo nyenyezi ikatsika kufika madigiri 30 kuchokera pansi ndi 2. Kupitirira 2 kuwala kumachepa, nyenyezi imaoneka yofufuma, ndipo kuwala kwa buluu kumatayika kuposa kofiira. Jambulani chithunzi chosonyeza kukwera ndi kutsika kwa nyenyezi iliyonse usiku wonse, muyambe ndi zomwe zikulowa kumadzulo, mumalize ndi zotuluka kum'mawa. Onani komwe kudzakhale mwezi. Ukakhala wathunthu, siyani zinthu zosawala kwenikweni ndipo musaloze pafupi nawo. Mu Juni mdima weniweni umatenga maola pafupifupi 11, mu Disembala pafupifupi 6 ndi theka, choncho mndandanda wa nyengo ina sungakwane mu inzake.

Nyenyezi iliyonse ikhale ndi mapu ake, otengedwa pa Aladin kapena SIMBAD, nkhokwe za pa intaneti za mapu ndi mayina a nyenyezi, osonyeza kumpoto ndi kum'mawa ndi kukula kofanana ndi komwe kamera imaona. Izi n'zofunika chifukwa kamera monga SHOC pa telesikopu ya mita 1.0 imaona kachigawo kosakwana arcminute 3 (digiri imodzi ili ndi arcminute 60), pamene mwezi wathunthu ndi arcminute pafupifupi 30. Chithunzi cha kamera chikhoza kukhala chozondoka kapena chotembenuzidwa, ndipo kujambula nyenyezi yolakwika usiku wonse kumachitikadi. Sankhiranitu nyenyezi ziwiri kapena zitatu zoyerekezera nazo, zowala mofanana ndi yanu, zomwe zilowe m'chithunzi chimodzimodzi. Konzaninso mndandanda wachiwiri wa nyenyezi zowala kwambiri wa usiku wa mitambo yopyapyala.

Masana ndi madzulo: zithunzi zoyeretsera

Apa ndi pomwe deta imakomera kapena kuwonongekera, dzuwa lisanalowe n'komwe. Fikani pa telesikopu kudakali maola awiri. Onani ngati kamera yazizira kufika pa mlingo wake ndipo yakhazikika, ngati pa diski pali malo, ndiponso ngati wotchi ya kompyuta ikugwirizana ndi GPS.

Yambani ndi bias, zithunzi za masekondi 0 chitseko cha kamera chili chotseka. Zimaonetsa nambala yomwe makina amaonjezera pa pikiselo iliyonse ngakhale palibe kuwala. Tengani 15 kapena 20, magetsi a m'denga atazima. Ngati kamera yanu siizizira kwambiri, tenganinso dark, zithunzi za mumdima zotalika mofanana ndi zomwe mudzajambule usiku. Chofunika kukumbukira: bias, dark ndi flat zitengedwe ndi makonzedwe omwewo a kamera omwe mugwiritse ntchito usiku, binning (kuphatikiza mapikiselo oyandikana kukhala imodzi) yomweyo, liwiro lowerengera lomwelo, gain (mlingo wosinthira kuwala kukhala nambala) yomweyo. Mukasintha chimodzi pakati pa usiku, m'mawa mutenge zina zogwirizana nacho. Bias ya binning ya 1x1 siyeretsa chithunzi cha 4x4.

Dzuwa likamalowa tsegulani denga kuti mpweya wa mkati ufanane ndi wa kunja. Mpweya wofunda wotuluka pa khomo la denga umagwedeza kuwala ndi kufufumitsa nyenyezi. Tsegulani denga kaye, chivundikiro cha galasi pambuyo, kuti fumbi ndi zinyalala zogwa potsegula zisagwere pa galasi. Potseka mumachita mobwerera: galasi kaye, denga pambuyo.

Tsopano flat. Mapikiselo samva kuwala mofanana, m'mbali mwa chithunzi mumachita mdima pang'ono, ndipo fumbi la pa fyuluta limaoneka ngati timphete. Flat ndi chithunzi cha chinthu chowala mofanana paliponse, ndipo chabwino koposa ndi thambo la chisisira. Nthawi yake ndi yochepa, mphindi 15 kapena 20, choncho konzekeranitu. Lozani pamalo opanda nyenyezi zowala, pafupi ndi pamutu, chakutali ndi komwe dzuwa lalowera. Madzulo kukumka kuda, ndiye yambani ndi fyuluta yolowetsa kuwala kochepa, monga U kapena B, mumalize ndi R ndi I, m'mawa mumatembenuza. Mafyuluta a R ndi I amenewa ndi a dongosolo lomwe katswiri wa zakuthambo Alan Cousins anakonza ku Cape komweko. Pa kamera yomwe imadzaza pa 65,535, flat ikhale cha pakati, pa 20,000 mpaka 35,000. Ikapitirira kwambiri kamera imasiya kuwerenga molondola, ikachepa kwambiri imadzetsa phokoso m'malo molichotsa. Tengani zosachepera 5 pa fyuluta iliyonse, 10 ngati nthawi ilipo, ndipo musunthe telesikopu pang'ono pakati pa chithunzi ndi chinzake kuti nyenyezi yomwe yayamba kuoneka isagwere pa pikiselo yomweyo. Pophatikiza ndi median idzachoka. Pa kamera ya chitseko choyenda, pewani zithunzi zosakwana sekondi imodzi kapena awiri, poti pakati pamalandira kuwala nthawi yotalikirapo kuposa m'mbali.

Ngati mukugwiritsa ntchito spectrograph, chida chogawa kuwala m'mitundu yake, monga SpUpNIC pa telesikopu ya mamita 1.9, mumafunikanso chithunzi cha nyale ya arc, yomwe imapereka mizere ya kuwala yodziwika malo ake, musanajambule nyenyezi ndi mutatha, telesikopu ili pamalo omwewo. Chitsulo chimapindika pang'ono telesikopu ikasuntha, ndipo mizere imasendera. Arc ya masana siyokwanira kuyezera liwiro la nyenyezi.

Usiku weniweni

Mdima wokwanira umayamba dzuwa likatsika madigiri 18 pansi. Usanafike, lozani nyenyezi yowala yodziwika kuti mutsimikize kuti telesikopu ikuloza molondola, kenako konzani focus. Jambulani nyenyezi imodzi pa malo 7 kapena 9 osiyana a focus, muyeze kufufuma kwake, FWHM (kutambalala kwa kadontho ka nyenyezi pamene kuwala kwatsika ndi theka), musankhe pomwe pachepetsetsa. Kunja kukazizira ndi madigiri angapo chitsulo chimafupika ndipo focus imasuntha, choncho bwerezani pakapita maola awiri kapena atatu. Nyenyezi zikaoneka ngati mphete, vuto ndi focus. Zikatalika mbali imodzi, vuto ndi kutsatira kwa telesikopu kapena mphepo. Zikafufuma zonse mozungulira, ndi seeing, kugwedezeka kwa mpweya, ndipo palibe chomwe mungachite koma kulemba. Ku Sutherland seeing ya pakati pa arcsecond 1 ndi 2 ndi ya masiku onse (arcminute imodzi ili ndi arcsecond 60).

Pa nyenyezi iliyonse tengani chithunzi choyesera, mufananize ndi mapu, muone pikiselo yowala kwambiri pa nyenyezi yanu ndi pa zoyerekezera. Isayandikire podzaza. Siyani mpata, chifukwa seeing ikakoma mwadzidzidzi kuwala kumaunjikana pa mapikiselo ochepa ndipo nyenyezi yomwe inali bwino imadzaza. Deta yodzaza siyikonzeka.

Lembani buku la usiku pamene zinthu zikuchitika, osati m'mawa. Pa chithunzi chilichonse kapena gulu la zithunzi: nambala ya fayilo, dzina la nyenyezi, nthawi, fyuluta, masekondi, airmass, seeing, ndi chilichonse chachilendo, monga mtambo wodutsa, denga lotsalira n'kutchinga galasi, kapena kusintha focus. Nthawi yonse ilembedwe mu UT, nthawi ya ku Greenwich. South Africa ili patsogolo pa UT ndi maola awiri, chimodzimodzi Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo chifukwa wotchi ya pa mkono sisintha, n'kosavuta kuiwala kuchotsa maola awiriwo. Header imatha kunama, makamaka pa dzina la nyenyezi ngati munaiwala kulisintha. Buku lanu ndi lomwe lidzaweruze pakatha miyezi.

Mphindi 30 zilizonse tulukani mukaone kumwamba, ngakhale kamera yoona thambo lonse ilipo. Maso amafuna mphindi 20 kapena 30 kuti azolowere mdima, ndipo foni imodzi yowala imabwezera zonse pachiyambi. Pa phiri musayatse tochi yoyera kapena magetsi akuluakulu a galimoto, chifukwa pamenepo pali matelesikopu a mayiko ambiri omwe akujambula nthawi yomweyo.

Nthawi yotseka denga

Telesikopu iliyonse ili ndi malire olembedwa a chinyezi ndi mphepo. Awerengeni tsiku loyamba, muwamate pafupi ndi kompyuta. Pa malo ambiri malire a chinyezi ali cha pa 85 mpaka 90 peresenti, chifukwa kupitirira apo mame amagwa pa galasi, amasakanikirana ndi fumbi n'kuwononga utoto wonyezimira wa pagalasipo. Ku Sutherland chinyezi chimatha kukwera m'mphindi zochepa mtambo ukakwawa pa phiri, choncho yang'anani komwe nambala ikulowera, osangoti pomwe ili. Ikamakwera mofulumira, tsekani isanafike pa malire. Palibe amene adzakudzudzuleni chifukwa chotseka msanga, koma galasi lonyowa limaimitsa ntchito ya anthu onse obwera pambuyo panu. Chida chikachita zachilendo, chikalira mwina kapena kukana kusuntha, imitsani, muimbire katswiri wa zamakina amene ali pa ntchito usiku umenewo. Musakakamize, ndipo musalowe m'denga kukakankha chinthu ndi manja.

Pa sabata ya masiku 7, kutaya usiku umodzi mpaka mausiku atatu chifukwa cha nyengo si zachilendo. Usiku wotere yeretsani deta ya dzulo.

M'mawa, mukatha flat ndi bias, ikani telesikopu pamalo ake opumira, tsekani, lembani lipoti la zovuta, ndipo koperani deta malo awiri osiyana musanagone. Foda ya deta yosakhudzidwa musailembemo kanthu; gwirani ntchito pa kope lake.

Thupi lanu

Usiku wachitatu ndi womwe anthu amalakwitsa kwambiri, tulo titaunjikana. Yambani kugona mochedwa kudakali masiku awiri. Ku nyumba ya ogona pa phiri masana ndi nthawi ya tulo ta anzanu, ndiye chepetsani phokoso. Tsekani makatani, gonani maola osachepera 6, siyani khofi kudakali maola atatu kuti mugone, ndipo imwani madzi ngakhale mulibe ludzu. Nyengo yotentha yang'anani pansi poyenda, ku Karoo kuli njoka ndi zinkhanira. Musayendetse galimoto ulendo wa maola anayi wobwerera ku Cape Town mutangochoka pa telesikopu.

Kuyeretsa deta ndi kuyeza

Phatikizani bias zonse ndi median kukhala imodzi. Ichotseni pa flat iliyonse, gawani flat iliyonse ndi nambala yake yapakati kuti ikhale pafupi ndi 1, kenako phatikizani za fyuluta imodzi. Chithunzi cha nyenyezi mumachotsapo bias, ndi dark ngati ilipo, n'kugawa ndi flat ya fyuluta yomweyo. Phukusi la ccdproc limachita zonsezi, koma koyamba chitani ndi numpy nokha kuti mudziwe chomwe chikuchitika. Tsegulani zotsatira mu DS9. Timphete ta fumbi tikatsala, kapena tikasanduka towala, ndiye kuti fumbi linasuntha kapena mwatenga flat ya usiku wina.

Poyeza kuwala, zungulizani nyenyezi ndi bwalo lotalika kuchokera pakati pafupifupi FWHM imodzi ndi theka kapena ziwiri, ndipo kuwala kwa thambo mukuyeze pa mphete yakunja yopanda nyenyezi. Bwalo likachepa, seeing ikasintha kuwala kumataikira kunja ndipo nyenyezi imaoneka ngati ikusintha pamene siikusintha. Likakula, mumalowa phokoso la thambo ndi nyenyezi zoyandikana. Gawani kuwala kwa nyenyezi yanu ndi kwa yoyerekezera, kuti mitambo ndi airmass zichoke. Kenako chitani chinthu chomwe ambiri amadumpha: gawani yoyerekezera yoyamba ndi yachiwiri. Mzere umenewo ukhale wowongoka. Ukakhala ndi mafunde ofanana ndi a nyenyezi yanu, zomwe mwapeza si za nyenyeziyo.

Nthawi nayo imafuna kuyeretsa. Onani ngati header ikunena chiyambi cha kujambula kapena pakati pake, ndipo mugwiritse ntchito pakati. Sinthani kukhala BJD, nthawi yomwe kuwalako kukanafikira pakati pa dongosolo la dzuwa ndi mapulaneti ake, chifukwa dziko likamazungulira dzuwa kuwala kwa nyenyezi kumatha kufika mofulumira kapena mochedwa ndi mphindi zoposa 8, ndipo pophatikiza deta ya miyezi yosiyana kusiyana kumeneku kumasokoneza zonse. Pofufuza nthawi yomwe nyenyezi imabwerezera kusintha kwake ndi njira ya masamu ya Lomb-Scargle, samalani ndi nsonga zabodza pa chithunzi cha zotsatira zake, zotalikirana kamodzi pa tsiku, zomwe zimabwera chifukwa mumajambula usiku wokha. Mukaona kubwereza kwa tsiku limodzi ndendende kapena theka la tsiku, kayikirani kaye zida ndi airmass.

Mukapeza kuti munalakwitsa, kaya fyuluta kaya nyenyezi, muuzeni wokuyang'anirani tsiku lomwelo. Deta yolakwika yodziwika imangoikidwa pambali, yobisidwa imalowa m'pepala.

Sabata yomaliza

Siyani kuyesa zatsopano kudakali masiku 7. Lembani lipoti la masamba 5 mpaka 10 mu LaTeX: funso, zida ndi masiku ojambulira, njira yoyeretsera, zotsatira ndi kusatsimikizika kwake, ndi zomwe zatsala. Chithunzi chilichonse chikhale ndi mayina ndi miyezo m'mbali zake zonse. Ngati akupatsani mphindi 10 zolankhula, masilaidi 8 akwanira, ndipo yeserani mokweza kawiri ndi wotchi. Siyani foda yokhala ndi deta, mapulogalamu, buku la usiku ndi fayilo yofotokoza momwe wina angabwerezere ntchito yonse kuyambira pachiyambi.

Musananyamuke funsani ngati ntchitoyo ilowa m'pepala ndipo dzina lanu lidzakhalapo, komanso pemphani maso ndi maso chilolezo chowatchula ngati mboni pofunsira maphunziro ena. Amene akufuna kupitiriza ku South Africa aone National Astrophysics and Space Science Programme, NASSP, yomwe inayamba mu 2003 ndipo imaphunzitsa honours ndi masters. Digiri yochokera kunja imayenera kuunikidwa ndi bungwe la SAQA lomwe limayang'anira ziphaso za maphunziro mu South Africa, ndipo ntchito imeneyo imatenga milungu ingapo, choncho itumizeni mukangolandira satifiketi ndi zotsatira zanu zonse.